Mwaika injini ina, air cleaner sikulowa: pangani chonchi paipi ya mpweya

Funso ili landitopetsa kuliyankha pa foni. Munthu wagula injini ku Limbe, amakaniko aikweza, alumikiza mawaya, yalira bwinobwino. Kufika pa bokosi la air cleaner, losefa mpweya wolowa mu injini, nkhani yavuta: uku likugunda batire, uku boneti ikukana kutsekeka. Kenako foni: "Achimwene, tingoikapo paipi ina iliyonse? Si mpweya basi?" Ndiye ndalemba kamodzi, wofunsa wina akabwera ndizingomulozera pano.

Paipiyo mutha kuipanga nokha pakhonde, muli ndi sowo yodulira zitsulo, tupa, drill ndi vernier yobwereka (chida choyezera mamilimita molondola). Kudula ndi kulumikiza si nkhani. Pamene anthu amagwera m'mbuna ndi pa kachidutswa kamodzi, pokhala sensa yoyeza mpweya. Magalimoto ena amene mumawaona akuzima pa maloboti, nyali ya check engine ili chiyakire, mwini wake akutukwana amene anamugulitsa injini, injiniyo ilibe mlandu. Yalakwa ndi paipi.

Ndikamba za injini za petulo za Toyota zopanda kabuleta, poti ndi zimene zadzadza mu Blantyre muno. Chitsanzo changa ndi 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe imapezeka mu Probox, Sienta ndi Fielder, itaikidwa mu Corolla yakale imene inali ndi 5A-FE. Ziwirizi zinatembenukirana. Pa 5A-FE mpweya umalowera kumbuyo, chakudashibodi, ekizozi ili kutsogolo. Pa 1NZ-FE mpweya umalowera kutsogolo, chakuladiyeta, ekizozi ili kumbuyo. N'chifukwa chake paipi yakale sifika, ngakhale muikoke chotani.

1. Dziwani kaye mmene injini yanu imawerengera mpweya

Kompyuta ya galimoto imathira petulo molingana ndi mpweya umene ikuganiza kuti walowa: pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Njira zowerengera zilipo ziwiri.

Injini zakale monga 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE, zambiri zimagwiritsa ntchito MAP sensa, imene imayeza mmene manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, ikuyamwira. Zimenezi sizivuta, paipi ikule pang'ono kapena ichepe pang'ono sizidandaula. Mungokumbukira kasensa ka mawaya awiri koyeza kutentha kwa mpweya, kamene kamasomekedwa pa bokosi la air cleaner. Kaboolereni pake pa paipi yatsopanoyo, musakasiye kakulendewera pambali pa injini.

1NZ-FE, 2NZ-FE ndi 1ZZ-FE zili ndi MAF sensa, imene amakaniko ambiri amangoiti air flow. Ndi yakuda, yomangidwa ndi masikulu awiri pa khosi la chivundikiro cha air cleaner, pulagi yake ya mawaya asanu. Mkati mwake muli kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imaona kuchuluka kwa magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha. Ngati yanu ndi imeneyi, ndime 6 muiwerenge kawiri.

2. Pogula injini, musasiye bokosi lake

Half-cut ndi galimoto yochokera ku Japan yodulidwa pakati, mbali yakutsogolo yokha, injini, giya bokosi, mawaya ndi kompyuta zili momwemo. Ogulitsa amaiphwasula n'kumagulitsa chimodzichimodzi. Inu mukamagula injini, limbikirani kuti akupatseni bokosi la air cleaner la galimoto yomweyo, sensa yake ndi paipi yarabala yopita ku throttle body, chitseko cha mpweya chimene chimatseguka mukaponda moto. Akanena kuti n'zogulitsa padera, gulani. Ngakhale mukuona kale kuti bokosilo silikwana m'galimoto yanu, tengani, chifukwa chivundikiro chake ndicho chidzakupulumutseni.

Yerekezani nambala yolembedwa pamwamba pa sensa. Masensa a Denso amafanana maonekedwe, pulagi imalowa bwinobwino, koma ena mkati anawatchera mosiyana. Ya Vitz ya injini yaing'ono musaike pa 1ZZ-FE musanayerekeze nambala, n'kumati zafanana.

Muli pomwepo, uzani wogulitsa alembe nambala ya injini pa lisiti. Mudzaifuna ku Road Traffic posintha nambala mu blue book.

3. Sankhani pokhala fyuluta musanadule kanthu

Adani a injini pa nkhani ya mpweya ndi atatu: kutentha, madzi ndi fumbi.

Mpweya wotentha ndi wopepuka. Wa madigiri 60 uli ndi okosijeni wochepa ndi pafupifupi 9 peresenti kuyerekeza ndi wa madigiri 30, mu lita imodzi yomweyo. Blantyre ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mpweya wathu ndi wochepa mphamvu kale ndi 10 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi wa ku Beira. Musaonjezere vuto poika fyuluta kuseri kwa fani ya ladiyeta kapena pamwamba pa ekizozi. Malo abwino ndi pakona kuseri kwa nyali yakutsogolo, kapena pobowoka polowera mu fenda.

Koma musatsitse pakamwa pa paipi kufika ku bampala pofuna mpweya wozizira. Mvula ya January ikagwa, misewu ina ya m'tauni muno imasanduka mitsinje, ndipo galimoto yobwera kutsogolo kwanu imakuponyerani funde. Madzi sapanikizika. Theka la kapu likalowa mu silinda, pisitoni imagunda pouma, con rod, ndodo yogwira pisitoniyo, n'kupindika. Pakamwa pa paipi pakhale pamwamba, molingana ndi nyali, ndipo payang'ane cham'mbali, osati kutsogolo kwenikweni.

Za fumbi, ndinene maganizo anga poyera. Ma cone filter ofiira ndi abuluu amene anyamata amawakonda ndi okongola, amaliritsa injini mokoma, koma pa msewu wafumbi wa ku Machinjiri mwezi wa September, otsika mtengo aja amalola fumbi losalala kudutsa. Fumbi limenelo limadya maringi. Komanso ena amapakidwa oyilo, ndipo oyiloyo amakamata pa kawaya ka sensa kaja, kuwerenga n'kusokonekera. Fyuluta yapepala yochokera kufakitale, ili m'bokosi, ndiyo ya kuno. Ikada mumaipeza m'sitolo iliyonse ya masipeyala.

Batire likakhala kuti ndilo likutchinga, kulisuntha masentimita angapo kapena kulitembenuza ndi ntchito yochepa kusiyana ndi kuzunguliritsa paipi mamita awiri.

4. Yesani njira ndi waya ndi katoni

Tengani waya wolimba, ngati wa mpanda, mumupinde kuchokera pakamwa pa throttle body kukafika pamene mwasankha paja. Dulani timabwalo ta katoni tofanana ndi kukula kwa paipi, mutitunge pa wayayo, muone pamene tikugunda. Siyani mpata wa masentimita awiri kuzungulira konse, ndipo kufupi ndi fani, lamba ndi ekizozi musiye woposa pamenepo. Onaninso chingwe cha akisileta, dipstick ndi chitsekero cha oyilo: mudzazifuna mawa.

Za boneti, musadalire maso. Umbani mpira wa dongo lonyowa, muuike pamwamba pa katoniyo, tsekani boneti pang'onopang'ono, tsegulani. Mmene dongo laphwatalalira ndiwo mpata umene muli nawo.

Makona akhale ochepa ndi otambasuka. Waya ameneyu musamutaye, ndiye amene mupite naye kumsika.

5. Zipangizo: zoyenera ndi zosayenera

Kukula kwa paipi kufanane ndi pakamwa pa throttle body. Paipi yaikulu kuposa pamenepo sionjezera mphamvu. Injini ya malita 1.5 imayamwa mpweya umene ikufuna basi.

Musanaganize zowotcherera, yendani kaye mwa ogulitsa zophwasula ku Ndirande, waya wanu uja ali m'manja. Funsani mapaipi a intercooler, choziziritsa mpweya wa turbo, a mapikapu ndi malole a dizilo. Ndi a aluminiyamu, opindidwa kale bwino kufakitale, mkati mosalala, kumapeto kuli kale kamlomo kogwira rabala. Mukapeza kona imodzi kapena awiri ofanana ndi waya wanu, ntchito yambiri yatha. Tengani ndi marabala ake olumikizira. Atsukeni bwino, chifukwa mkati mumakhala oyilo wakuda.

Njira yachiwiri ndi paipi ya ekizozi yatsopano, yachitsulo wamba, yokhuthala mamilimita 1.2 mpaka 1.6. Imawotchereka paliponse, koma ndi yolemera ndipo imachita dzimbiri mkati, dzimbirilo n'kumagwera mu injini. Ngati mwasankha imeneyi, muziitsegula pa sevisi iliyonse. Ya stainless ndi yabwino kuposa, mukapeza woiwotcherera.

Paipi ya PVC ya kubafa iyi, ayi. Imayamba kufooka kutentha kukapitirira madigiri 60, ndipo pansi pa boneti mwezi wa October, muli pa mzere wa magalimoto pa Ginnery Corner, kumapitirira pamenepo. Imafewa pamene mwamanga clamp, clamp n'kukhwefuka, mpweya wafumbi n'kumalowa. Paipi ya madzi ya galavanaizi nayonso isiyeni: utsi woyera umene umatuluka poiwotcherera ndi wa zinki, umadwalitsa. Malegeni ndi tepi ya magetsi ndi zofikira nazo kunyumba usiku, osati zomangira paipi ya mpweya. Rabala ya ladiyeta ya lole imapirira kutentha, koma nthunzi ya oyilo imaitupitsa n'kuifewetsa, ndiye musaiike pamene kapaipi ka breather, kotulutsa nthunzi ya oyilo mu injini (ndime 8), kakulavulira.

Silikoni womatira, ngati mukumufuna, gulani wolembedwa kuti sensor safe. Wa mawindo uja, wonunkha viniga, nthunzi yake imapha oxygen sensa ya ku ekizozi, imene imauza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa.

6. Pokhala sensa: apa ndiye pali ntchito

Sensa ya MAF siyeza mpweya wonse wodutsa mu paipi. Imayeza kagawo kakang'ono kamene kakudutsa pa kamphuno kake, kompyuta n'kuchulukitsa, podziwa kuti khosi limene sensayo yakhalamo ndi lalikulu mwakuti. Kukula kumeneko kunalembedwa mu kompyuta kufakitale. Inu simungakusinthe ndi sipanala.

Tiyerekeze kuti khosi loyambirira ndi la mamilimita 60 mkati, inu mwaika sensa mu paipi ya 70. Mamilimita 10 okha, mungatero. Koma bwalo la 70 ndi lalikulu ndi 36 peresenti kuposa la 60. Mpweya womwewo ukuyenda tsopano pang'onopang'ono, kawaya kaja kakuzizira pang'ono, ndipo kompyuta ikuwerenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mpweya umene walowadi. Zili ngati wogula chimanga wobwera ndi ndowa yokuza: akuwerengabe ndowa imodzi ndi kulipira ya imodzi, koma chalowa ndi chambiri. Kompyuta imathira petulo wa mpweya umene yawerenga, ndiye petulo amachepa.

Mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni, oxygen sensa imadandaula ndipo kompyuta imaonjezera petulo mpaka pamene imalekezera, kenako imayatsa check engine ndi code (nambala yosonyeza vuto) ya P0171. Choopsa chili pa chitunda. Mukaponda moto mpaka pansi, mukukwera kuchokera ku Chikwawa galimoto itadzadza, kompyuta imadalira kwambiri sensa ya mpweya ija. Petulo wochepa pa ntchito yolemera amatenthetsa silinda, injini imayamba kulira ngati muli timiyala, ndipo mapeto ake ndi valavu yopsa kapena pisitoni yodyeka. Paipi ikachepa kuposa yoyambirira, zimatembenuka: utsi wakuda, mapulagi amwaye, petulo osachedwa kutha, code ya P0172.

Ndiye njira zilipo zitatu, ndipo ndaziika motsatana ndi mmene ndimazikhulupirira.

Yoyamba: sungani chivundikiro chonse cha bokosi loyambirira, ndi khosi lake, ndi fyuluta yake. Chimene chimakana kulowa nthawi zambiri ndi mbali yapansi. Imeneyo pangani ina. Jambulani pa katoni mphepete mwa fyuluta, pangani bokosi lakatoni lokwana pamalo panu, pitani nalo kwa amisiri okhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande. Anthu amenewa amadziwa kupinda lata kuposa ife tonse. Auzeni kuti mphepete yapamwamba, pokhala rabala ya fyuluta, ikhale yafulati ndi yolimba, aipinde kawiri. Pansi aboole kabowo ka mamilimita 5 kotulukira madzi. Msoko wa bokosi lapansili ukadontha pang'ono palibe vuto, chifukwa mpweya wake sunasefedwe. Chofunika n'chakuti chivundikiro chipanikize rabala ya fyuluta mozungulira monse. Ikani tizitsulo togwirira kapena mabawuti anayi.

Yachiwiri: ngati chivundikiro nachonso sichikwana, dulani khosi lokha. Gwiritsani sowo ya mano ang'onoang'ono, sensa mutaichotsa. Musadule pafupi ndi sensa. Mbali yolowera mpweya, mkati mwa chivundikiro, khosilo limakhala ndi mlomo wotambasuka, ndipo ena amakhala ndi kasefa kapena timizere towongola mpweya. Zimenezo zisiyeni momwemo, zili ndi ntchito. Salazani podulapo ndi tupa, tsukani tizidutswa ta pulasitiki, lumikizani ndi marabala mbali zonse.

Yachitatu, ngati bokosi loyambirira mulibe n'komwe: kupanga mpando wa sensa nokha. Pezani mnzanu wa galimoto ya injini yofanana, mumupemphe muyeze. Muyeze zinthu zitatu ndi vernier, osati ndi tepi: kukula kwa khosi mkati pamalo penipeni pamene pali sensa; kutalika kuchokera pamene sensa imakhalira kufika pa khoma la mkati; ndi kukula kwa bowo logwira O-ring, kamphete karabala ka pa sensa. Pezani paipi imene mkati mwake ikufanana ndi muyeso woyamba, kusiyana kusapitirire milimita imodzi. Dulani kachidutswa ka aluminiyamu kokhuthala mamilimita 8 mpaka 10, mukasepe ndi tupa yozungulira mbali imodzi mpaka kakhale bwino pamsana pa paipi, mbali inayo ikhale yafulati. Muyeso wachiwiri uja ndi umene ukuuzeni kuti mukasepe mpaka pati. Anthu ambiri amaiwala umenewu: mpweya umathamanga kwambiri pakati pa paipi kusiyana ndi m'mphepete, ndiye sensa ikalowa mopitirira kapena moperewera ndi mamilimita ochepa, imawerenga zina. Bowo la O-ring likhale losalala, sensa izilowa mothina pang'ono. Masikulu ake boolani ndi 3.3 mm, dulani mazinga a M4. Kachidutswako kawotcheredwe ndi wa TIG, makina otha kuwotcherera aluminiyamu, kapena kamatidwe ndi epoxy wa zitsulo paipi mutaikwecha ndi sandipepala.

Pa njira iliyonse mwa zitatuzi, malamulo awa sasintha. Sensa iyang'ane komwe inkayang'ana. Chongani ndi choko mbali yolowera mpweya musanaimasule, chifukwa mabowo a masikulu amatha kulola kuitembenuza. Mbali yake yolowera mpweya kukhale paipi yowongoka, kutalika kwake kawiri kukula kwa paipiyo ngati malo alipo. Kona yoyandikira imakankhira mpweya mbali imodzi, injini n'kumakwera ndi kutsika yokha pa idling. Sensa ikhale pamwamba kapena pambali pa paipi, osati pansi pamene madzi ndi oyilo zimadikha. Kawaya kamkati musakakhudze ndi chala, thonje kapena mpweya wa kompuresa. Kakada, kapopereni mankhwala olembedwa kuti MAF cleaner, kaume kokha. Mawaya ake akaperewera, lumikizani ndi soda mmodzimmodzi, musapotokole ndi manja.

7. Kupanga kona, kuwotcherera ndi kutsuka

Paipi yopyapyala mukaipinda pa vayisi imaphwatalala. Ngati kona yopindidwa kale simunaipeze, pangani ya zidutswa. Kona ya madigiri 90 imatuluka ndi misoko 6, uliwonse wokhota madigiri 15, kutanthauza kuti mbali iliyonse yokumana idulidwe mopendama madigiri 7.5. Mukhala ndi tizidutswa 5 tapakati, todulidwa mbali zonse, ndi mapaipi awiri akumapeto odulidwa mbali imodzi. Lembani mzere wowongoka m'litali mwa paipi musanadule, kuti polumikiza muzidziwa msana wa chidutswa chilichonse. Gwirizani ndi tepi yapepala, kayeseni pa galimoto, mukakhutira ndiye awotcherere timadontho, muyesenso, kenako amalize.

Wowotcherera mageti ndi mawindo, wa ndodo za mamilimita 2.5, adzakuboolerani paipiyo. Pitani kwa okonza ekizozi amene ali ndi gasi, akuikireni brazing, kulumikiza ndi ndodo ya mkuwa yosungunula: imatuluka yosalala ndipo sidontha. Paipi ichoke pa galimoto nthawi yowotcherera. Ngati pali choti awotcherere pa bodi, batire lichotsedwe ndipo pulagi ya kompyuta izulidwe.

Kumapeto kulikonse kukhale kamlomo kotukuka kuti rabala isavuke. Mzere wopyapyala wa brazing mozungulira, wosalazidwa ndi tupa, umakwana.

Tsopano tsukani. Kalikonse kotsalira mkati mwa paipi imeneyi kadzadutsa pa valavu, chifukwa mpweya umafika mu paipiyi utadutsa kale pa fyuluta. Pisani chala pa msoko uliwonse, gogodani timibulu tonse, kwechani ndi sandipepala womangirira ku ndodo, tsukani ndi madzi a sopo, umitsani padzuwa. Kokani kansalu koyera mkatimo. Kakatuluka ndi zakuda, bwerezani.

8. Timapaipi ting'onoting'ono

Pa chivundikiro cha mavalavu pamachoka timapaipi tiwiri. Kamodzi, ka PCV, kamapita ku manifold; kasiyeni momwe kalili. Kachiwiri, ka breather, kanali kolumikizidwa ku paipi ya mpweya, pakati pa sensa ndi throttle body. Paipi yanu yatsopano ikhale ndi kamlomo kake pamalo omwewo. Mukakasiya pamtunda, injini imakoka mpweya wosawerengedwa kudzera m'kati mwake, ndi fumbi lomwe, kukasakaniza ndi oyilo. Mukakatseka ndi bawuti, monga ndimaonera kawirikawiri, nthunzi imasowa kolowera bwino ndipo ma seal amayamba kudontha oyilo. Mukakalumikiza pamene mpweya sunafike pa sensa, nthunzi ya oyilo imaidetsa.

Kapaipi ka brake booster, chofewetsa chipondere cha buleki, kamachokera ku manifold, kuseri kwa throttle body, komwe kuli vacuum. Pa paipi imene mukupangayi palibe vacuum yokwanira, ndiye musakalumikizepo ngakhale pakuoneka pafupi. Yesani chonchi: injini ili chizimire, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, gwirani chipondere, lizani injini. Phazi litsike pang'ono. Likapanda kutsika, musatuluke pa geti.

9. Ngati throttle body ikufunika kusuntha

Izi zipeweni ngati n'kotheka. Zikakanika, pamafunika mbale yolumikizira. Ikani katoni yopyapyala pa nkhope ya manifold, gogodani m'mphepete ndi kahamala kozungulira mutu mpaka mabowo onse adzijambule. Onse, ngakhale kabowo kakang'ono ka mpweya wa idling. Mukakatseka, injini izizima mukangochotsa phazi. Koperani pa aluminiyamu wa mamilimita 10. Mazinga a M6 amafuna bowo la 5 mm, a M8 la 6.8 mm. Ngati mbaleyo yawotcheredwa, dziwani kuti yapindika ndithu, ngakhale maso akukana. Yalani sandipepala pa galasi lokhuthala, pakani nkhope yake ndi maka, kwechani mozungulira mpaka inki yonse itachoka mofanana. Ikapindika kwambiri, a engineering akuseperani pa makina. Gasiketi ikhale yatsopano mbali zonse ziwiri. Kudontha kwa pamenepa ndi koipa kuposa kwina kulikonse, poti ndi pamene injini imayamwa mwamphamvu.

10. Kumanga

Injini imagwedezeka pa ma mounting ake, bodi ili chiimire. Bokosi la fyuluta limangidwe ku bodi, pa timarabala, ndipo pakati pa bokosi ndi injini pakhale chidutswa chofewa chimodzi. Rabala yamakwinya yochokera ku half-cut ija ndiyo yabwino. Ipindeni muone ngati ilibe ming'alu m'makwinyamo. Mukamanga zolimba zokhazokha, china chidzathyoka, ndipo kawirikawiri chimakhala cha pulasitiki chodula. Paipi yachitsulo ikhale ndi bulaketi yake, isalendewere pa throttle body. Clamp ikhale kuseri kwa kamlomo kaja, ndipo pa khosi la pulasitiki musamange ngati mukumanga tayala, limaphwanyika.

Uzani mnzanu akoke handbrake, aponde buleki, alowetse giya yoyamba kenako rivesi, akuponda moto pang'ono, inu muli pambali, osati kutsogolo. Onani ngati paipi ikugunda penapake injini ikamatembenuka.

11. Kuyesa

Yambani ndi kudontha, paipi isanakwere. Tsekani mbali zonse ndi zitsekero za zitini ndi marabala, pa chimodzi muikepo valavu ya chubu chakale, pompani pang'ono ndi pampu ya njinga, pakani madzi a sopo pa misoko ndi pokhala sensa. Thovu likatuluka, pakonzeni. Zopopera petulo kapena carb cleaner pa injini yolira pofufuza podontha zisiyeni; ekizozi ili pafupi.

Kenako funsani kompyuta. Chotsani waya wa batire mphindi zingapo kuti iiwale zakale, lizani injini itenthe, yendani makilomita angapo. Kachipangizo ka ELM327 kolumikiza ku foni kamathandiza, koma magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan sayankhula nako. Zikatero pitani kwa wa makina a diagnosis. Musamuuze kuti angofufuta code. Mupempheni akuonetseni fuel trim, ya short term ndi ya long term, muziphatikize. Imeneyi ndi peresenti ya petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsa pofuna kukonza cholakwika. Ikakhala pakati pa -10 ndi +10, pa idling komanso pa 2,500 rpm, mwakhoza. Injini ya malita 1.5 itatentha, AC ndi nyali zili zozima, sensa iziwerenga pafupifupi magalamu 2 pa sekondi.

Nambala ikakwera pa idling n'kutsika mukaponda moto, pali podontha: fufuzani gasiketi, timapaipi ta vacuum ndi ma clamp. Ikakhala yokwera paliponse, kapena ikamakwerabe injini ikamathamanga, kaikirani khosi lalikulu, sensa yosalowa mokwanira kapena yakuda. Zonsezi zikakhala bwino, yezetsani pampu ya petulo. Ikakhala pansi pa -10 paliponse, khosi lachepa. Musalole kuti wina akonze zimenezi posintha ma injector kapena mapulagi. Bwererani ku ndime 6.

Zitunda muziyambe nambala zimenezi zitakhala bwino, ndipo poyamba mukhale nokha m'galimoto, wailesi itazima, kuti mumve ngati injini ikugogoda. Mukayenda makilomita 500, mangitsaninso ma clamp onse, chifukwa rabala yatsopano imakhala itaphwera. Masulani paipi pa throttle body, pisani chala mkati. Chikatuluka ndi oyilo pang'ono pafupi ndi breather, si vuto. Chikatuluka ndi fumbi lokhakhala, mpweya ukulambalala fyuluta: yambirani pa mphepete ya bokosi lalata lija, pakani choko pa rabala ya fyuluta, tsekani, tsegulani, muone mbali imene chokocho sichinadinde.